Pa Kujirabashi Panalibe Woyala Thabwa

"Mwawapepesanso," anatero a Sumie uku akukankhira kumbali mbale ya mpunga ndi dzanja lamanja, lokhalo limene sitiroko inawasiyira. "Ndakumvani ndi makutu angawa. Anthu a kusiteshoni akukukanizani, inu ndiye mukupepesa."

"Sanakane, iwe. Anena kuti Lachinayi," anayankha amuna awo, a Tokuji Kuribayashi, akubwezera foni pakashelefu.

"Lachinayi la sabata yamawa. Lero ndi Lachitatu. Ndiye kuwerama kwakeko! Munthu ali kutali, sakukuonani n'komwe, inu mukuweramira foni mpaka mphumi kutsala pang'ono kugunda khoma."

"Idya kaye, msuzi ukuzizira."

"Achemwali anga akufa, bambo. Msuziwo uzizire."

A Tokuji anakhala pansi n'kutola timitengo tawo todyera, koma sanadye. Mkanganowu unali utayamba Lolemba. A Kikue, akulu awo a Sumie, anali atagonekedwa pa kachipatala ka ku Kujirabashi, ndipo dokotala anali atamuuza Chieko, mwana wa wodwalayo, kuti tsopano aziwerenga masabata, osati miyezi. Ku Kujirabashi si kutali ayi. Kuchoka kwawo ku Yanagizaka ndi masiteshoni asanu ndi imodzi, sitima imathera mphindi zosakwana makumi awiri. Koma kuyambira mu Epulo a kampani ya sitima anachotsa wantchito wa masana pa siteshoniyo. Ikangokwana 12 koloko munthu amatseka windo n'kumapita, pamene kuchipatalako amalola odzaona odwala kuyambira 2 koloko mpaka 4.

"Tamvetsetsa," anatero a Tokuji modekha. "Sangakukweze kuno popanda wokakulandira uko. Akamakuyalira thabwa pakhomo la sitima ndiye kuti aimba kale foni, anena kuti uli m'bogi yachingati, khomo lachingati, ndipo uko wina waima kale ndi thabwa lake. Pa Kujirabashi njanji inakhota, mpata wa pakati pa sitima ndi pokwerera ndi wotere." Anatambasula manja. "Chikepe palibe. Pali masitepe a mlatho, ndi makina okwezera chikuku oyendera kiyi, ndipo kiyiyo amasunga ndi wantchito. Ndiye ayenera kutumiza munthu kuchokera ku siteshoni yaikulu ya Minatoguchi, koma sabata ino anthu ndi ochepa."

"Mukulankhula ngati mukadali pa ntchito pawindo la siteshoni paja."

"Ndikungokufotokozera mmene zimayendera."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu munakhala mukuwafotokozera anthu mmene zimayendera. Tandiuzani lero, ndi angati amene munawauza kuti adikire sitima yotsatira?"

Pamenepo ndiye anawapweteka. Anali ambiri, a Tokuji ankadziwa. Ankawauza mwaulemu, magolovesi oyera ali m'manja, chipewa chili chilili, n'kuwerama kawiri. Palibe amene anawadandaulapo, ndipo akupuma ntchito anapatsidwa pepala lowayamikira. Koma sankakumbukira kuti anamufunsapo mmodzi yemwe chimene ankathamangira.

"Nanga takisi?" anafunsa a Sumie.

"Ndaimba ku makampani onse atatu. Zonyamula chikuku cha batire ngati chakocho zadzaza mpaka mwezi utha, zimanyamula odwala impso."

"Laisensi nayo munakabweza nokha kupolisi, mutatchena suti ngati mukukalandira mendulo."

"Maso, Sumie. Ndikanakupha ndine pamsewu."

"Ndikudziwa," anatero mayiyo, mawu atatsika tsopano. Kadontho ka msuzi kanali katatsalira kumbali ya mlomo imene siinkamva kanthu. A Tokuji anatenga kansalu n'kuwapukuta, ndipo a Sumie anawalola, maso ali pawindo. "Mayi akumwalira ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Achemwali ndiwo ankandisambitsa, ndiwo ankandipesa. Sindikupempha zambiri, bambo. Ndikufuna andione, ndiwaone, adziwe kuti ndinabwera."

"Ukawaona. Lachinayi ukawaona."

Lachinayilo a Tokuji anadzuka molawirira. Anawasambitsa akazi awo, anawaveka bulauzi yobiriwira imene a Kikue anawasokera kalekale, anawapesa mpaka a Sumie kudandaula kuti akuwazula tsitsi. Batire la chikuku linagona likutchajidwa. Pofika 11 koloko onse awiri anali chire pakhomo, nsapato zovala kale, ndipo m'pamene foni inalira. Pa njanji ina panali patagwa vuto, munthu amene anayenera kupita ku Kujirabashi anamutumiza kumeneko. Anapepesa kwambiri a ku siteshoniwo, ulemu ndiye sasowa anthu amenewa. Anawalemba Lachisanu la sabata yotsatira.

A Sumie sanakalipe ulendo uno. Anangoti, "Tandivulani nsapato," n'kutembenuza chikuku kulowera kuchipinda. A Tokuji akanakonda kuti akazi awowo awalalatire.

Lachiwiri lililonse a Sumie ankapita ku mafizo pafupi ndi siteshoni ya Minatoguchi. Ulendo umenewo sunkavuta, poti kumeneko chikepe chilipo, antchito aliponso tsiku lonse. Chowawa chinali chakuti sitima yake ndi yomweyo yodutsa pa Kujirabashi. Imaima pamenepo theka la mphindi, zitseko n'kutseguka, ndipo denga la kachipatala kaja limaoneka bwinobwino pamtunda, kuseri kwa sitolo yogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya.

Lachiwiri limenelo, 12 koloko itangodutsa, anawakweza monga mwa masiku onse, bogi yachitatu, khomo lachiwiri. Atadutsa masiteshoni anayi foni ya a Tokuji inanjenjemera m'thumba. Mu sitima munthu sayankha foni, aliyense amadziwa, choncho anaisiya mpaka inaleka. Kenaka unalowa uthenga. Anavala magalasi, anauwerenga, n'kuweramira kukhutu kwa akazi awo.

"Ndi Chieko. Akuti amayi ake adzuka bwino lero. Akhala tsonga, amwa tiyi, akulankhula. Akukufunsa iwe. Dokotala wanena kuti achibale abwere nthawi iliyonse, asadikirenso 2 koloko."

A Sumie anawagwira malaya. "Siteshoni yotsatira si yomweyo?"

"Ayi, ikadutsa yotsatirayi, inayo."

"Titsike, bambo."

"Palibe thabwa."

"Anthu ali mbwee m'bogi muno. Apempheni andinyamule."

A Tokuji anayang'ana m'bogimo. Anthu analimo ndithu, ena akusinza, ena maso ali pa mafoni. Koma m'mutu mwawo munali munthu wina, amene panthawiyo anali ataima kale ku Minatoguchi ndi thabwa m'manja, pamzere wa bogi yachitatu. Iwo ankadziwa chimene chimachitika wokwera akapanda kupezeka pakhomo lake. Wantchito amathamanga bogi ndi bogi, kondakitala amaimitsa sitima, za m'mbuyo nazo zimaima, madzulo munthu amalemba kalata yofotokoza kwa abwana. Zinawachitikirapo iwo kamodzi ali mnyamata, ndipo manyazi ake anali asanawaiwale.

"Kuli munthu akutidikira, Sumie. Tinanena Minatoguchi. Tikafika ndikawauza, akatibweza ndi sitima yotsatira, akatipatsa munthu."

"Achemwali nawo akundidikira."

Itadutsa siteshoni yachisanu, sitima inachepetsa liwiro pa Kujirabashi, inakhota, inaima. Zitseko zinatseguka. Mphepo yofunda inalowa, ndipo pansi pa khomo panali mpata wakuda uja, miyala ya njanji ikuoneka pansi pake. Pokwerera panali zii, popanda munthu wa yunifolomu.

"Bambo, khomo," ananong'ona a Sumie.

A Tokuji anagwira zogwirira za chikuku mwamphamvu, osakankha, osabweza. Kabelu kanalira, zitseko zinatsekeka, ndipo mwa chizolowezi cha zaka zonse zija chala chawo chinadzuka chokha n'kuloza chitseko, monga amachitira wantchito potsimikiza kuti chatsekeka bwino. A Sumie anachiona chalacho. Anasiya malaya aja n'kuika dzanja pamwendo.

Ku Minatoguchi anapezadi mayi wina wa yunifolomu, dzina lake Ogata, ataima pamzere ndi thabwa lake. Analiyala, anawerama, anawatsitsa bwinobwino. A Tokuji atamufotokozera, mayiyo anathamangira kwa abwana ake, anaimba mafoni atatu, anabwerako nkhope itagwa.

"Pepani kwambiri. Lero tili awiri okha kuno, sindingachoke. Abwana akuti mwalembedwa kale Lachisanu, tsiku limenelo sitilephera."

"Mayi, wodwalayo wadzuka lero. Lachisanu sitikudziwa."

"Ndikumva, bambo. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanapita nanu pompano. Ndikakukwezani popanda wokakulandirani, mukakagwera mumpata muja, ndidzanena chiyani?"

Analankhula ndendende monga iwo akanalankhulira, mawu ake omwewo, ngakhale kaweramidwe. A Tokuji analephera kumukwiyira. Panja pa siteshoni anaimika matakisi anayi, ndipo oyendetsa onse ankangoyang'ana chikuku chija n'kupingasa manja kuti sizitheka. Madzulo Chieko analemba kuti amayi ake agonanso cha m'ma 4 koloko ndipo sakudzuka.

Tsiku lotsatira m'nyumba munali ngati mulibe anthu. A Sumie ankadya akapatsidwa, ankamwa mankhwala, akanyamulidwa kupita kubafa ankati zikomo, zikomo wa kwa mlendo. A Tokuji anatsuka mbale zotsuka kale, anathirira maluwa a pakhonde kawiri. Chakumasana analephera kupirira, anakagwada pamkeka pafupi ndi chikuku.

"Ndikalipire, Sumie. Nditukwane ngati ukufuna."

"Ndikutukwaneni chifukwa chiyani? Mayi uja sanalembe kalata kwa abwana ake. Sitima siinachedwe. Zonse zinayenda bwino."

"Usatero."

"Nanga nditani? Mukudziwa, bambo, chikukuchi sindidana nacho. Chimandiyendetsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti chilowereni m'chikuku ndinasanduka katundu wotumiza. Uyu kundipereka kwa uyo, uyo kusainira kuti wandilandira. Munthu wa miyendo akhoza kukwera sitima, n'kusintha maganizo panjira, n'kutsika poti waona maluwa okongola pawindo. Ine ndiyenera kudziwa Lachitatu kuti achemwali anga adzadzuka Lachiwiri."

"Lamulolo analiika kuti munthu asavulale."

"Ndikudziwa, si loipa. Koma anachotsa munthu wa thabwa n'kusiya lamulo la thabwa. Inu simukuona?" Anapuma pang'ono, poti kulankhula nthawi yaitali kunkawatopetsa. "Ndinakwatiwa ndi munthu wosafuna kuvutitsa aliyense, ndipo ndinkanyadira. Dzulo m'pamene ndinaona kuti pa anthu onse amene simufuna kuwavutitsa, ine sindilipo. Ine ndi wa m'nyumba, ndikhoza kudikira."

Zinali zoona, ndipo zinawawawa a Tokuji koopsa. Anagwira phazi la akazi awo, lozizira lija, n'kuyamba kulisisita monga anawaphunzitsira a mafizo. Misozi inagwera pa sokosi. A Sumie anawayang'ana pamutu kanthawi, kenaka anawaika dzanja padazi.

"Mwakalamba, bambo. Tsitsi lonse lija linapita kuti?"

"Unalizula ndiwe ndi mkamwa mwakomo."

Anaseka pang'ono onse awiri, kuseka kosafika patali.

Lachinayi, itangopitirira 1 koloko, Chieko anaimba. Mawu ake anali osasa. "Bambo aang'ono, kapumidwe kasintha. Dokotala akuti mwina lero, mwina usiku uno. Za mawa zija musadalire."

A Tokuji anaika foni pansi. Sanaimbire siteshoni. Anatenga nsapato za akazi awo n'kugwada kuwaveka.

"Tikupita kuti?"

"Kwa alamu."

"Atikweza?"

"Atikweza."

Pawindo la ku Yanagizaka panali bambo wowadziwa bwino. "A Kuribayashi, lero Lachinayi? Mafizo si Lachiwiri?"

"Atisinthira tsiku. Minatoguchi, chonde."

Linali bodza lawo loyamba kunena mkati mwa siteshoni, ndipo makutu anawatentha ngati mwana wakuba shuga. Munthuyo anaimba foni, anadikira yankho, analola sitima imodzi kudutsa, n'kuwayalira thabwa pa yachiwiri. Bogi yachitatu, khomo lachiwiri.

Masiteshoni anayi anadutsa a Tokuji ali duu. Pa yachisanu anamasula batani la pakhosi. Sitima itangonyamuka kulowera ku Kujirabashi anasiya chikuku, anaima pakati pa bogi n'kutulutsa mawu aja ankalengezera sitima pokwerera, amene anali asanawagwiritse ntchito zaka zisanu ndi zinayi.

"Okwera nonse, pepani pokusokonezani. Mayi ali apawa ndi akazi anga. Akulu awo akutsirizika pachipatala cha pa Kujirabashi. Pa siteshoniyo palibe wantchito, palibe thabwa, ndipo chikukuchi sindingachinyamule ndekha. Ndikupempha manja anayi kapena asanu. Chonde, ndithandizeni."

Anawerama mpaka m'chiuno, n'kukhala chiweramire. M'bogi monse munati zii. Ankangoona nsapato za anthu, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inasuntha. Kwathu kuno munthu akalankhula mokweza mu sitima timayang'ana pansi, kumuchitira manyazi mwini wakeyo. Sitima inayamba kukhota.

"Aa, inu anthu, simunamve?" Anali bambo wina wamfupi wojintcha, wa buluku lotakasuka la amisiri a matabwa, kathawulo atamanga kumutu. Anaponya chikwama cha zida kumsana. "Achimwene a tayi inu, gwirani kutsogoloko, foniyo siithawa. Mayi, inu gwirani apa. Akulu inu, mbali iyo. Agogo, tigwire pati kuti tisathyole kanthu?"

"Pachitsulo cha pansi, osati pa zoikapo manja," anatero a Tokuji akuweramuka. "Titsike chammbuyo. Ndikati kwezani, mukweze pamodzi."

Zitseko zinatseguka. Anthu asanu anachinyamula chikukucho, a Sumie ali momwemo atatsinzina, n'kuchidumphitsa mpata uja. Tayala limodzi linagunda m'mphepete, mayi wina anakuwa, koma chinatera bwino.

"Agogo aakazi, mumadya chiyani kodi?" anatero mmisiri uja akupumira m'mwamba. "Ndanyamulapo mafiriji opepuka kuposa apa."

"Ndi batire, mwana iwe, si ine," anayankha a Sumie.

Enawo anathamangira m'sitima. Kumapeto kwa sitimayo kondakitala anali atasuzumira pawindo, kukamwa kuli yasa. A Tokuji anakweza dzanja n'kufuula kuti amve: "Auzeni a ku Minatoguchi asadikire. Bogi yachitatu, khomo lachiwiri, wokwera watsikira pano. Wolakwa ndine, Kuribayashi." Kondakitalayo anayang'ana wotchi, anayang'ana chikuku, anagwedeza mutu n'kutseka zitseko.

Mmisiri uja sanakwere. "Ntchito idikira," anatero. "Ndine Nabeshima. Nanga masitepe awa titani nawo?"

Masitepe a mlatho anali patsogolo pawo, makumi atatu ndi awiri kukwera, ena otero kutsika. Makina okwezera chikuku anali pambali, atakutidwa ndi lona, loko ali lende. Pakhoma panali kabatani koimbira ku Minatoguchi ndi chikwangwani chopempha okwera ofuna thandizo kuti azinena masiku awiri zisanachitike.

"Awiri sitingachikweze ichi," anatero a Nabeshima. "Chisiyeni apa, palibe angabe. Mayiwa ndiwabereke ine."

"Zikomo, koma awa ndi anga."

"Msana wanu, bambo," anatero a Sumie.

"Msanawo ndi wanganso."

A Tokuji ananjuta kutsogolo kwa chikuku. A Nabeshima anawanyamula a Sumie m'khwapa n'kuwatsamiritsa pamsanapo, ndipo poona kuti dzanja lamanzere likungolendewera, anatenga kabulangete kofunda m'miyendo, anakakulunga ngati mbereko n'kumanga mfundo ya amisiri pachifuwa pa a Tokuji. Podzuka maondo analira, m'chiuno munabaya ngati singano, koma anaima.

Anakwera sitepe imodzi imodzi, dzanja lina pachitsulo, a Nabeshima ali pambuyo atachirikiza ndi manja onse awiri. A Sumie anali opepuka modabwitsa, ndipo kupepukako kunawamvetsa chisoni amuna awo kuposa mmene kulemera kukanachitira. Mpweya wa mayiyo unkawafunditsa pakhosi.

"Zaka makumi anayi ndi zitatu, simunandiberekepo," ananong'ona a Sumie.

"Sunapemphe."

"Ndikanapempha mukanati ndinene masiku awiri zisanachitike."

"Usandiseketse, tigwa tonse."

Pamwamba pa mlatho anapuma, atatsamira chitsulo, m'maso mukuchita mdima. Kutsika kunali kowawa kuposa kukwera. Pageti anagunditsa pa makina makhadi onse awiri olipirira ulendo, poti ngakhale zitavuta chotani a Tokuji sakanadutsa osagunditsa. Kenaka kamtunda kaja, kudutsa sitolo ya tofu, mayi wogulitsa atangoti kakasi ndi sefa m'manja. Thukuta linanyowetsa malaya mpaka bulauzi ya a Sumie.

Pakhomo la chipatala namwino anathamanga ndi chikuku cha pomwepo. A Tokuji anapukusa mutu. "Ndikangowatsitsa pano sindidzukanso. Chipinda chili kuti?" A Nabeshima anawaperekeza mpaka pachikepe, anawerama n'kubwerera, osadikira n'komwe kuthokozedwa mokwanira.

Chieko anatsegula chitseko, ndipo atawaona anagwira pakamwa. "Mayi aang'ono, mwabwera chonchi?"

"Alipo?"

"Alipo. Sakulankhula, koma adokotala akuti makutu amamva mpaka kumapeto."

A Kikue anali atagona chagada, atachepa ngati mwana, kupuma kwawo kukudukiza. M'chipindamo munali kampando kamodzi kopanda motsamira, koti a Sumie sakanatha kukhalapo. A Tokuji anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatembenuka, anakhala m'mphepete mwa bedi, Chieko n'kumasula mfundo ija. Anawagoneka a Sumie pabedi pomwepo, pambali pa akulu awo, mutu pa pilo mmodzi. Namwino anatsegula pakamwa kuti aletse, koma anangokweza chitsulo cha m'mbali kuti asagwe, n'kutuluka.

"Lachiwiri lija anakhala akuyang'ana kukhomo mpaka tulo tinawatenga," anatero Chieko motsitsa mawu, osadziwa chimene chinachitika mu sitima. "Ankati, Sumie ndi wochedwa chibadwire, koma amafika."

A Tokuji anatsetserekera pansi n'kukhala pa simenti, msana utatsamira khoma. Miyendo inali itakana. Anafuna kunena kuti wolakwa ndine, alamu, khomo linatseguka ine n'kuima, koma akazi awo anawatsogolera.

"Achemwali, ndine Sumie. Ndabwera." Anasisita tsitsi la imvi lija ndi dzanja lawo limodzilo, pang'onopang'ono, kulichotsa pamphumi. "Pepani ndachedwa. Si ine, si alamu anu. Sitima ndiyo inachedwa."

Panapita kanthawi. Kenaka zala za a Kikue zinayenda pa nsalu, zinafufuza, zinapeza mkono wa bulauzi n'kuugwira.

"Bambo," anatero a Sumie osatembenuka. "Andigwira. Mwaona? Andimva."

"Ndaona."

"Auzeni inunso. Inu akukhulupirirani, ndinu a kusiteshoni."

A Tokuji anakwawa ndi maondo mpaka pabedi. Moyo wawo wonse anali asanalolepo munthu kunamizira sitima yawo kuti yachedwa pamene inafika pa nthawi yake. Anaika mphumi pa chitsulo chozizira cha bedilo.

"N'zoona, alamu," anatero. "Inachedwa kwambiri."

A Kikue sanatsegule maso ndipo sanalankhulenso. Anapuma komaliza dzuwa lisanalowe, cha m'ma hafu pasiti 5, mkono wa bulauzi uja ukadali m'manja mwawo, ndipo a Sumie anakana kuti wina awamasule zalazo mpaka zitazizira.